Mwala Woyenda Wokha ku Hewe

Inayamba kusowa ndi miyala. Nkhuku zinali zonse m'khola, chimanga m'nkhokwe palibe anachikhudza, koma miyala, ija yopaka laimu imene ankaindandalika m'mbali mwa njira pa nyumba za boma kuti abwana akamafika aone kuti pano pakukhala anthu aukhondo. Phoebe anazindikira m'mawa akusesa. Pamzerepo panali mpata ngati pamene pazuka dzino, dothi lake likadali lonyowa, nyongolotsi ikudzipinda pofuna pobisala. Anaima ndi tsache m'manja n'kumadzifunsa kuti kodi munthu wanzeru zake angabe mwala kuti akatani nawo.

Phoebe anali mkazi wa Bizwick, mlangizi wa zaulimi amene boma linamutumiza ku Hewe kuchokera kwawo ku Linthipe. Zinali zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani, ndipo kalata ya kusamuka ikabwera sunkafunsa kuti chifukwa chiyani. Anafika m'chigwamo ali atatu, iye, mwamuna wake ndi mwana wawo Alufeyo amene anali atangoyamba kukwawa. Mvula isanathe anatsala awiri. Malungo anamutenga mwanayo mlatho utakokoloka, moti galimoto yoti inyamule maliro kupita ku Dedza inalibe podutsa.

Amene anawachotsa manyazi tsiku limenelo anali mayi wa nyumba yoyandikana nayo, NyaLuhanga, wamasiye wamtali, wosakonda zolankhulalankhula, wa Umanyano wa amayi kutchalitchi. Ndiye anakagwada kwa abale a malemu mwamuna wake, a kwa Msiska, kuti mwana wa alendoyo apatsidwe malo m'manda a banja lawo, m'nkhalango yaing'ono kuseri kwa minda, pafupi ndi pamene panagona mwana wake wa iye mwini. Adzukulu anakumba, koma dzenje lisanafike m'chiuno madzi anayamba kutumphuka pansi. Anayesa kukapa, madzi osamva. Anamuika choncho, pafupi ndi pamwamba. Chiyambire tsikulo Phoebe sanapondekonso, chifukwa manda a eni sulowamo wekha ngati m'munda mwako, ndipo chinthu chokha chimene ankapempha kwa Mulungu usiku uliwonse chinali choti mwana wake agone mwamtendere m'dothi lachilendolo.

Mukanamufunsa Phoebe ngati amasankha mtundu, akanakusekani. Ankapereka moni kwa aliyense, anaphunzira kunena yewo pothokoza, Lamulungu ankakhala pakati pa amayi a kumeneko n'kumang'ung'udza nyimbo zimene mawu ake sankawadziwa. Koma NyaLuhanga akabweretsa chindongwa, thobwa la kumeneko, m'chipanda, Phoebe ankalandira ndi manja awiri, kuthokoza bwinobwino, kenako n'kukathirira nkhuku kuseri. Sikuti ankaganiza zoipa ayi. Dzanja linkangochita lokha. Pochoka ku Linthipe azakhali ake anamunong'oneza kuti anthu a kumpoto ndi ochenjera, amaseka nawe mano okha, mtima uli kwina. Iye anawaseka azakhaliwo kuti ndi nkhani za anthu osayenda. Komatu mawuwo anakwera nawo lole, ndipo anakhala mwa iye phee, ngati nsikidzi m'mphasa.

M'mawa wotsatira unasowanso mwala wina, kenako iwiri. Bizwick anati ndi ana asukulu. Phoebe anayankha kuti mwana wasukulu sangadzuke pakati pa usiku kudzasenza chinthu cholemera ngati mtondo, ndipo m'chigwa chonsecho, chimene dothi lake ndi lofewa ngati ufa, miyala yotereyo inachita kubwera pa lole. Bizwick sanatsutse. Chifereni mwana, ankapewa mkangano uliwonse ndi mkazi wake.

Usiku umenewo Phoebe sanagone. Mphepo yozizira inkatsika kuchokera kumapiri a Nyika n'kumagwedeza malata pang'onopang'ono, ngati munthu akuyenda padenga ndi zala za kumapazi. Achule a m'dambo analira mpaka kutopa, kenako onse analeka nthawi imodzi, ndipo bata limene linatsalalo linali lolemera kuposa phokoso. Ndi m'batamo mmene anamva. Khwee, khwee, chinthu chikukhuzidwa pa dothi. Kenako kupuma kwa munthu amene akudzikakamiza kunyamula katundu womuposa, ndi mapazi opanda nsapato akuchoka mosathamanga. Patapita nthawi, kutali cha kumanda, fisi analira kamodzi, kulira kuja koyambira pansi n'kukwera ngati funso.

"Bambo a Alufeyo," ananong'ona, akumugwedeza phewa. "Mwamva?"

"Ndi fisi chabe. Kuno n'kufupi ndi thengo. Gonani."

"Fisi amanyamula miyala?"

Bizwick anatembenukira kukhoma, koma Phoebe anamva kuti nayenso sakupuma ngati munthu wogona.

Masana ake anapita kwa Kate, mkazi wa kalaliki wa pamsika wa fodya, wochokera ku Mulanje. Kate ndiye yekha amene Phoebe ankadya naye mbale imodzi m'chigwa chonsecho, poti ankalankhula chinenero chimodzi. Anali mayi wamtima wabwino ndithu, koma pakamwa pake sipankagona nkhani. Atamva za miyala anasuzumira panja, n'kukokera mpando pafupi.

"Achemwali, ine ndimaopa kukuuzani. Anthu akuti kumanda kuja kukumaoneka moto usiku. Ndipo mukuganiza kuti mayi uja anathamangiranji kupereka malo? Munthu wosakudziwa, wosakhala mtundu wako, n'kukupatsa dothi la makolo ulere? Kwathu timadziwa amene amakwera afisi, ndipo timadziwa chimene amafuna pa manda atsopano."

"Musatero, Kate. Ndi mayi wopemphera uja."

"Kupemphera kwake kuti? Mwawaona maso ake masiku ano?"

Anawaona madzulo omwewo. NyaLuhanga anabwera, n'kukhala pansi pakhonde miyendo atatambasula, poti m'nyumbamo anali asanaitanidwemo chifikireni alendowo. Maso ake anali ofiira ngati a munthu wophika pa nkhuni zaziwisi, pa mkono pali chilonda chopsa, ndipo chitenje chake chinkanunkha utsi. Anayamba kusisita bondo.

"Anyina Alufeyo," anatero potsiriza, m'Chichewa chake chopendekera ku Chitumbuka, "usiku mukugona makora?"

Phoebe anamva tsitsi likuima. Anayankha kuti akugona. Mayiyo anayang'ana mzere wa miyala, n'kutsegula pakamwa ngati pali china chimene chikumuvuta kutulutsa. Koma Phoebe anali ataimirira kale. Anati wasiya mphika pamoto, analowa m'nyumba n'kukhoma chitseko, ndipo anaima kuseri kwake mpaka anamva mapazi aja akuchoka. Pamoto panalibe mphika uliwonse.

Sabata imeneyo Bizwick anaitanidwa ku msonkhano ku boma ku Rumphi, kokagona komweko. Phoebe anazimitsa nyali, n'kukhala pazenera atatsegula kansalu pang'ono. Kunali mdima wa ndiweyani, mitambo itatseka nyenyezi, moti ngakhale mtengo wa mango wa pakhomo sunkaoneka. Anadikira mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenako khwee uja anabwera, ndipo mumdimamo chinthu choyera chinanyamuka pansi, chinakwera pang'onopang'ono mpaka msinkhu wa munthu, n'kuima m'malere. Mwala unali kuyandama wokha. Unatembenuka, n'kuyamba kuyenda molunjika kuminda, ukugwedera pang'ono. Phoebe anafuna kupemphera koma mawu onse anamuthawa, anangotsala ndi dzina la mwana wake.

Dzina limenelo ndi limene linamutulutsa panja. Anatsatira kuyera kuja m'kanjira ka pakati pa chimanga, masamba onyowa akumucheka m'masaya, matope akumugwira zidendene. Pamene maso anazolowera anaona kuti pansi pa mwalawo pali munthu wovala zakuda, atausenza pamutu. Zimenezi sizinamuchepetsere mantha. Pafupi ndi nkhalango ya manda fungo la utsi linamupeza, ndipo anabisala kuseri kwa chulu.

Pakati pa mitengo panali moto waung'ono. Kuwala kwake kunagwera pa kamtumbira kafupi, ndipo Phoebe anakazindikira pompo, monga mayi amazindikirira mwana wake pagulu. Pamwamba pake panali miyala yoyera ija, itasanjidwa mothinana, ndi nthambi za minga zitaunjikidwa mozungulira. NyaLuhanga anatula mwala watsopanowo, anaukankha ndi bondo mpaka unakhala, kenako anakhala pansi pambali pa mtumbirawo n'kuyamba kuimba motsitsa, nyimbo yopanda changu, dzanja lake likusisita dothi. Ndiye tsidya lina la moto, m'munsi mwa tchire, munayaka timaso tiwiri tobiriwira. Tinazima, n'kuyakanso pafupi. Mayiyo sanathawe. Anasolola chikuni pamoto, anachikweza, n'kuyamba kulankhula nacho chilombocho ndi mawu apansipansi, ngati munthu wozolowerana nacho.

Phoebe sanadikirenso. Mmene anafikira kunyumba sakudziwa. Anagona pansi pa simenti atakumbatira mawondo, akulira mopanda mawu, chifukwa tsopano anali wotsimikiza kuti mwana wake anamupereka yekha m'manja mwa mfiti, ndipo anathokoza pomupereka.

Kutacha anathamangira kwa Kate. Kate anagwira pakamwa, koma nzeru sinamuchedwe.

"Mukakanena za ufiti sakakumverani, boma limakana zimenezo. Inu mukanene kuti akuba katundu wa boma. Miyala ija si ya boma kodi? Munenenso kuti kumanda kukumachitika misonkhano ya usiku. Muona ngati dzuwa lilowe iye ali pakhomo."

Pajatu amati safunsa anadya phula. Nyumba ya NyaLuhanga inali poti ukaitana uli pakhonde amamva, koma Phoebe anaidutsa, n'kuyenda mtunda wonse mpaka kwa tcheyamani wa chipani. Tcheyamaniyo anali mbadwa ya m'chigwa momwemo, ndipo pomvetsera nkhope yake inagwa. Anayamba kunena kuti mwina nkhaniyi ikanayamba yafika kwa akuluakulu a kwa Msiska. Koma mawu oti misonkhano ya usiku, otuluka pakamwa pa mkazi wa munthu wa boma, sanali oti n'kuwakhalira. Akanawakhalira, mawa lake wotengedwa akanakhala iyeyo. Dzuwa lisanapendeke anyamata a chipani a malaya ofiira anafika. Anamupeza NyaLuhanga akudula minga kuseri kwa khola. Anamumanga ndi chingwe cha mbuzi kuti apite naye ku boma, ndipo podutsa pa nyumba ya mlangizi mayiyo anatembenuka kuyang'ana pazenera, akufuula china chake mobwerezabwereza, mpaka mmodzi anamumenya kukamwa. Phoebe anatseka kansalu.

Bizwick anafika madzulo pa njinga yake, matope mpaka m'mawondo. Anamvetsera nkhani yonse ali chiimire.

"Munawafunsa?"

"Ndifunse mfiti kuti ikudyeranji mwana wanga?"

"Mwati miyala inali pamwamba pa manda. Wofukula amachotsa miyala kapena amaikapo?"

Phoebe anakwiya. Anati amuna ndi choncho, mwana sanamunyamule m'mimba ndi iwo. Koma funsolo linamulowa, ndipo anakagona nalo.

Usiku umenewo panalibe khwee, panalibe mapazi. Anasuzumira pazenera kuyang'ana cha kumanda, ndipo kunali bii, kopanda ngakhale kadontho ka moto. Anadziuza kuti ndiye mtendere umenewu. Kenako fisi analira, pafupi kuposa kale. Wina anayankha cha kudambo. Posakhalitsa anali ambiri, ndipo kulira kuja kunasanduka chiphwete, kuseka kolimbirana, kosatha, kumamveka ngati akukokerana chinthu. Agalu a m'mudzi anauwa pang'ono n'kukhala chete. Palibe chitseko chimene chinatseguka m'mudzi monse. Bizwick anadzuka n'kuyamba kufufuza nsapato mumdima, koma asanaipeze inzake phokoso lija linali litayamba kale kutalikira kuthengo.

M'bandakucha kunamveka odi wapansipansi. Anali Amock Msiska, mlamu wake wa NyaLuhanga, bambo wachikulire amene anaphunzira Chichewa ku migodi. Anaima pabwalo chipewa chili m'manja, osayang'ana munthu kumaso.

"Adada, amama, phepani chomene. Tiyeni mukaone nokha. Si bwino mumve kwa ena."

M'njira anafotokoza, mawu akutuluka movutikira. Chimbwi, fisi mukutero inu, anayamba kufukula pamanda paja patangopita masiku ochepa chiikireni maliro, poti dzenje linali losazama. Anazindikira ndi NyaLuhanga, popita kukazula udzu pa mwana wake. Amuna anathira dothi lina, anaika minga, koma chilombo chinkabwerabe. Mayiyo ndiye anati azikagona komweko ndi moto mpaka nthaka iume, mvula ikatha amange bwinobwino ndi njerwa.

"Tinamuuza kuti tizisinthana, anakana. Anati malo anapempha ndi iye, ndiye mwana ndi wake. Kuno kwathu ukapereka dothi kwa mlendo, wagona pamenepoyo wasanduka wa pa banja lako. Miyala ankatenga kwanu poti kwina kulibe, komanso ankati ndi ya pakhomo pa awiske, bambo ake, mwana aidziwa."

"Nanga osatiuza bwanji?" anafunsa Bizwick.

"Mayi woyamwitsa, mabere akadali kutuluka mkaka, ungamuuze kuti chilombo chikukumba pa mwana wake? Tinagwirizana kuti musamve. Za miyala zokha ndi zimene ankafuna kupepesa. Anabwera, koma akuti munali ndi mphika pamoto." Anayang'ana pansi. "Dzulo ine ndinatenga nkhuni kuti ndipite. Koma anyamata aja anagona pamphambano, kudikira a misonkhano ya usiku. Ndinaopa, amama. Ndine munthu wamkulu, koma ndinaopa."

Kumanda anapeza amuna angapo ataima mozungulira, makasu ali pansi. Minga inali itakokedwera uku ndi uku. Miyala yoyera inali itamwazikana, ina itagubuduzikira m'phulusa lozizira la moto uja. Pakati panali dzenje lopendekera, m'mphepete mwake muli zikhadabo, ndipo pa nthambi ya minga panakodwa kachidutswa ka bulangete la buluu. Phoebe anafuna kuthamangirapo koma Amock anatambasula mkono kumutchinga.

"Musayandikire. Mulibe kanthu."

Sanakomoke, ngakhale ankafuna atakomoka. Anakhala pansi m'matope, ndipo zonse za usiku uja zinabwerera m'maso mwake mmene zinalili: miyala pamwamba, minga mozungulira, moto, ndi mayi atakhala pakati pa chilombo ndi mwana, chikuni chili m'manja. Palibe chimene mdima unamubisira. Anaona zonse bwinobwino, ndipo ngakhale mwana wamng'ono akanadziwa tanthauzo lake. Akanakhala mayi wa ku Linthipe, wolankhula ngati iye, Phoebe akanatuluka kuseri kwa chulu n'kukakhala naye pamotopo. Chisoni chimene chinamugwira pamenepo chinaposa cha tsiku la maliro, chifukwa tsiku lija wolakwa anali malungo.

Tsiku lomwelo anakwera matola kupita ku boma, iye ndi Bizwick. Kate anamutsatira mpaka pamsewu akumuchonderera kuti asapite, poti wobweza mawu ake pa nkhani zotere amatha kulowa m'chitokosi iye mwini, ndipo mwamuna wake ntchito ingathe. Phoebe anakwerabe. Kumeneko anaima pamaso pa akuluakulu n'kunena poyera kuti ananama, kunalibe msonkhano uliwonse, ndipo miyala ija inatengedwa kukatchinga manda a mwana wake. Anamukalipira, anamuopseza, anamuuza abwere mawa. Mawa lake anamuuzanso chimodzimodzi. Ankagona pakhonde la sitolo, m'mawa n'kukakhalanso pa benchi pomwepo, mpaka anatopa naye.

NyaLuhanga anatuluka m'chitokosi masana dzuwa likuswa mtengo, akutsimphina, mlomo utatupa, kumutu atamumeta mwachipongwe. Anaima pakhomo akuphethira chifukwa cha kuwala. Phoebe anali atakonza mawu ambiri masiku onsewo, koma atafika pafupi anangogwada m'fumbi, anthu odutsa akuyang'ana.

"Amama," anatero. Kanali koyamba kumutchula choncho.

Mayiyo anamuyang'ana. Mkwiyo unalipo m'maso mwake, sanaubise. Koma pansi pa mkwiyowo panali nkhawa ina imene inkaoneka kuti yamudya masiku onse a m'chitokosimo, ndipo ndi imene inayamba kutuluka.

"Anyina Alufeyo, moto uja akukoleza ndani? Ndinakuwa pa windo panu kuti musaleke moto. Munapulika? Munandimva?"

Phoebe anaweramitsa mutu. Bizwick anayang'ana kumbali, chipewa atachifinya m'manja.

NyaLuhanga anayang'ana mwamunayo, n'kuyang'ananso mkaziyo. Kenako anakhala pansi m'mbali mwa msewu, anaika manja onse awiri pamutu wometedwawo, n'kuyamba kulira maliro mokweza, monga amalirira mwini mwana. Ankatchula Alufeyo, n'kumatchulanso dzina lina limene Phoebe anali asanalimvepo, la mwana wake uja wa kale. Phoebe anakwawa ndi mawondo mpaka anamufika, osadziwa ngati amukankha. Mayiyo sanasiye kulira, koma anatsitsa mkono umodzi, wa chilonda chopsa uja, n'kumukokera pachifuwa pake. Lole yobwerera ku Hewe inafika, inaima, inaliza hutala, kenako inanyamuka kuwasiya ali pomwepo.